Vacuum ya nyumba ya matailosi ndi simenti: tigule yotani kuno ku Mzuzu?

MamaKatoto:
Abale, ndigawireniko nzeru. Nyumba ndi ya zipinda zogona zitatu. Pabalaza, m'khonde ndi kukhitchini pali matailosi, kuzipinda ndi simenti yopaka polishi wofiira. Kapeti ilipo imodzi yokha, yaing'ono, ya pakati pa masofa. Mwana mmodzi ali ndi mphumu ndipo kusesa ndi tsache kumamuutsira chifuwa. Ndikufuna kugula vacuum, koma m'mashopu angondiuza za ma watts, ati ya 2,000W ndiye yamphamvu. Ena akuti ndigule ya batire, ena akuti ya chigubu ija yopopa ndi madzi omwe. Odziwa inu, ndiyang'ane chiyani?

Tsache_Silifa:
Pa matailosi vacuum ya chiyani? Wazani timadzi, sesani, kolopani. Ndalamayo mugulire zina.

NyaChibavi:
A Tsache, mwawerenga zoti mwanayo ali ndi mphumu? Tsache limatenga mchenga ndi nyenyeswa, koma fumbi losalala lija limangouluka n'kudzateranso pa matebulo ndi pa zofunda. Komanso pa simenti ya polishi mukawaza madzi mumasiya mawangamawanga.

Fundi_wa_Luwinga:
Mayi, za ma watts zisakupusitseni. Nambala imeneyo ikunena magetsi amene makinawo akudya, osati mphamvu yokoka fumbi. Ku Ulaya, ku mayiko a EU, kuyambira September 2017, vacuum wamba ya chingwe siloledwa kupitirira 900W, koma nyumba zawo zikuyerabe. Henry ya Numatic, imene oyeretsa m'maofesi amaikonda, ndi 620W yokha. Ya 2,000W yokhala ndi paipi yotaya mpweya m'molumikizira ndi kafyuluta kakang'ono imagonja kwa ya 700W yopangidwa bwino. Chimene imaposa nacho ndi phokoso ndi kutentha basi.

Pansi polimba sipalira mphamvu zambiri, chifukwa fumbi limakhala pamwamba, silinalowe mu ulusi. Chogwira ntchito kwenikweni ndi mutu, mbali imene imakhudza pansi ija. Mufune mutu wopanda burashi yozungulira, wokhala ndi ubweya wofewa m'mphepete ndi timatayala ta labala. Pabokosi amalemba parquet kapena hard floor. Burashi yozungulira ya ubweya wolimba anaipangira kapeti, kuti izikutumula ulusi. Pa matailosi imangoponya mchenga kumbuyo, kumapazi kwanu, ndipo ngati matailosiwo ndi onyezimira mchengawo umawakanda.

Chimaliro_Heights:
Ndiwonjezere apo. Makina ambiri amabwera ndi mutu umodzi wokhala ndi kabatani kopondera ndi phazi. Mukaponda mbali imodzi ubweya umatuluka, pamenepo ndi pa pansi polimba. Mukaponda inayo ubweya umalowa, kumatsala chitsulo, pamenepo ndi pa kapeti. Matailosi ambiri amakandika chifukwa wogwira ntchito m'nyumba sanauzidwe zimenezi, akungokhula pansi ndi chitsulocho.

MamaKatoto:
Zikomo a Fundi. Ndiye m'shopumo ndizindikira bwanji kuti iyi ikukoka bwino, poti ma watts mwati ndisawakhulupirire?

Matailosi_265:
Popita tengani tinthu titatu m'timapepala: mchenga wodzaza dzanja, supuni ya ufa woyera, ndi nyemba kapena mpunga pang'ono. Pemphani ayatse. Mchenga ukuonetsani ngati ikunyamula zolemera, ndiponso ngati ikutulutsa za m'mizere ya pakati pa matailosi. Ufa ukuonetsani ngati ikusiya kafumbi pansi. Pomwepo muyang'ane kumene mpweya umatulukira: mukaona kautsi koyera kapena mukamva fungo la ufa, dziwani kuti fumbi likudutsa. Nyemba ndi zoyesera mutu. Mitu ina ubweya wake wakutsogolo ndi wothithikana, ndiye imangokankha zinyalala zikuluzikulu osazimeza. Wabwino umakhala ndi timipata kutsogolo.

Zoika chikhatho pakamwa pa paipi, zimene ogulitsa amakonda, sizinena zambiri. Mukatseka paipi mpweya suyenda, pomwe fumbi limanyamulidwa ndi mpweya woyenda.

Kaning'ina_Boy:
Shopu yake iti imene ingakuloleni kuthira ufa pansi, akulu? 😂

Matailosi_265:
Wofuna ndalama yanu amalola. Akakana ufa, mchenga wokha ndi wokwanira.

Mpopi77:
Ine ndisiyana nanu pang'ono. Mukulankhula ngati tili ku Lilongwe. Kuno mvula imafika mpaka April, May, kenako mawawa ndi nkhungu za mu June ndi July. Miyezi yambiri cholowa m'nyumba ndi matope, osati fumbi louma. Vacuum wamba ikameza chinyontho fyuluta imaumbika, ndipo madzi akafika ku mota ndiye kwatha. Ya chigubu, wet and dry, ilibe mantha amenewo. Tengani chitsanzo Kärcher WD 3: chigubu cha malita 17, mota ya 1,000W. Madzi akalowa pansi pa chitseko mvula yamphepo ikagwa, imapopa. Paipi ikaphulika kubafa, imapopa. Galimoto mumayeretsera yomweyo. M'kati muli kampira koyandama, madzi akadzaza kamakwera n'kutseka njira, mawu a mota amasintha n'kukhala okwera, pamenepo mumazimitsa n'kukataya. Palibe zamagetsi zovuta m'kati, ndi mota ndi switch basi, fundi aliyense angakonze.

Fundi_wa_Luwinga:
A Mpopi, pa kulimba sindikutsutsani. Zambiri za chigubu mota yake ili ndi mpweya wakewake woiziziritsa, pomwe vacuum wamba imazizira ndi mpweya womwewo umene wadutsa mu fyuluta. N'chifukwa chake wamba fyuluta ikatsekeka imatentha n'kuzima yokha, ina n'kupsa kumene.

Koma muwauzenso mayiwa kuipa kwake. Choyamba phokoso. Chachiwiri chingwe: WD 3 yomweyo chingwe chake ndi mamita 4, pomwe Henry ndi mamita 10. M'nyumba ya zipinda zitatu muzingosintha soketi. Chachitatu mutu umene imabwera nawo ndi wa m'galaja, pulasitiki yolimba, wa parquet mugula padera. Chachinayi, chimene chikukhudza mwanayo, n'chakuti ya chigubu ikamagwira yopanda thumba losungira fumbi m'kati imatulutsa fumbi losalala lambiri, ndipo mphepo yake yotuluka ndi yamphamvu, imautsa fumbi limene simunafikepo.

Za matope, musamawapope aawisi ngakhale makinawo akulola. Amamatirira m'mizere ya m'kati mwa paipi, amachita chuku, paipi n'kuyamba kununkha. Asiyeni aume, apaleni, ndiye mupope. Kapena kolopani basi.

Mpopi77:
Thumba limalowa mu chigubu, a Fundi. Mukamapopa zouma mumaika thumba la fleece, lofewa langati nsalu lija, mukafuna kupopa madzi mumalichotsa. Mukatero fumbi lotulukalo limachepa kwambiri.

Fundi_wa_Luwinga:
Eya, bola thumbalo lizikhalamo. Anthu ambiri loyamba likadzaza sagulanso lina.

Anamwino_Opuma:
Ndilankhulepo za mphumuyo, chifukwa ndi imene iyenera kutsogolera kusankha. Vacuum yosasefa bwino imatenga fumbi limene linali phee pansi n'kulimwaza m'mwamba, pamene mwana akupumira. Mufune yokhala ndi fyuluta yolembedwa HEPA ndi nambala yake, H13 kapena H14. H13 imagwira 99.95% ya tizidutswa tovuta kwambiri kugwira, H14 imagwira 99.995%. Zolembedwa HEPA-type kapena HEPA-style zilibe muyezo umenewo, ndi mawu ogulitsira. Fyuluta imeneyi izikhala kotulukira mpweya, kuseri kwa mota, kuti igwirenso kafumbi kakuda kochokera ku makaboni, tizidutswa takuda tolowetsa magetsi m'kati mwa mota. Tsegulani chivindikiro muone ngati muli labala kuzungulira. Popanda labala mpweya umazemba m'mbali, fyuluta yabwinoyo n'kungokhala chokongoletsa.

Poyeretsa mwanayo azikhala panja, mawindo otsegula, ndipo asalowe msanga mukamaliza. Muzipopanso matiresi, masofa ndi makatani, chifukwa m'nyumba ya chinyezi tizilombo tosaoneka ta m'fumbi timaswana kwambiri mu zinthu za nsalu kusiyana ndi pa matailosi. Mankhwala ake apitirize monga anauzira kuchipatala, makinawa salowa m'malo mwa inhaler.

Kaning'ina_Boy:
Nonse mukuti thumba, thumba. Matumbawo muziwagula kuti kuno? Makina mugula lero, miyezi itatu matumba atha, shopu yasintha katundu. Gulani yopanda thumba, mukhuthula m'dzala basi.

Fundi_wa_Luwinga:
Funso limenelo ndi lenileni, koma yopanda thumba si yaulere. M'malo mwa thumba mumalipira ndi fyuluta. Yopanda thumbayo imagwira ntchito pozungulitsa mpweya mothamanga kuti zolemera zigwere m'kabini. Zodula zili ndi tizipinda tozungulitsira tambiri, zimalekanitsa ndi fumbi losalala lomwe. Zotchipa zili ndi kamodzi kokha, ndiye mchenga umagwa koma fumbi lofiira lathuli limapita lonse ku fyuluta. Pakangopita nthawi yochepa kukoka kumachepa, muyenera kutsuka.

Vuto la Mzuzu lili pamenepo. Fyuluta yotsuka imafuna maola 24 kuti iume, ndipo m'nyengo ya nkhungu masiku awiri amatha isanaumitse m'kati. Mukaibwezera yachinyontho imanunkha, imachita chuku, chinyezicho n'kupita ku mota. Mukayatsa opanda fyuluta poti ikuuma, fumbi limalowa m'mabering'i. Wogula yopanda thumba agule mafyuluta awiri tsiku lomwelo, azisinthanitsa. Potsuka madzi ozizira okha, opanda sopo, osakhula ndi burashi, osayanika pa mbaula. Ndipo si HEPA iliyonse imatsukidwa, ngati sanalembe washable mukainyowetsa mwaiwononga.

Anamwino_Opuma:
Komanso pokhuthula kabiniko fumbi limabuka kumaso. Pakhomo pa wa mphumu thumba ndi labwino, mumatseka pakamwa pake n'kutaya lonse. Ngati ndi yopanda thumba, kukhuthula kuzichitikira panja, kutali ndi mawindo.

NyaChibavi:
Za kusowa kwa matumba, njira yake ndi kugula mapaketi awiri kapena atatu pamodzi ndi makina. Jambulani kachikwangwani ka model kali kunsi, chithunzicho musunge mu foni kuti wopita ku Lilongwe, ku Dar es Salaam kapena ku Joni akakugulireni zenizeni. Sankhani a fleece, oyera ofewa aja. A pepala amafooka ndi chinyezi n'kuphulikira m'kati. Musadikire kuti lidzaze thoo, likafika magawo awiri mwa atatu sinthani. Fumbi losalala limatseka timabowo ta thumba lisanadzaze, ndiye mukaona kukoka kwachepa thumba lili theka, lisakunamizeni, latha ntchito. Kuti lichedwe kudzaza, zikuluzikulu monga makoko a mtedza ndi mapepala muzitola kaye.

Kaning'ina_Boy:
Ena amang'amba thumba kunsi, kukhuthula, n'kusokanso.

NyaChibavi:
Amatero, koma timabowo totsekeka tija sititseguka, ndipo mosokamo mumatuluka fumbi. Mwapulumutsa thumba, mwapha mota.

Zolozolo_Dad:
Nanga mayunitsi? Zinthu za mota izi sizimaliza magetsi?

Wa_Sola_Mzuzu:
Ayi, nkhawa imeneyo ichotseni. Yuniti imodzi ndi 1,000W kwa ola lathunthu. Ya 900W mukaiyatsa mphindi 30 yadya mayunitsi 0.45. Katatu pa sabata, mwezi wonse simufika mayunitsi 6. Ketulo ndi simbi zimadya kuposa pamenepo.

Pamene zimavuta ndi pa inverter magetsi akazima. Mota ya 1,000W pa batire la 12V imakoka pafupifupi 95A mukawerengera zotayika mu inverter. Mphindi 20 zokha ndi 30Ah ndi kanthu, pomwe batire la 100Ah la lead acid simuyenera kulitsitsa kupitirira theka. Kuwonjezera apo, poyaka mota imakoka kangapo kuposa nambala yolembedwa, ndiye inverter ya 1,000W imatha kulira n'kuzima. Kwa amene amadalira sola, ya batire ndi imene ili ndi nzeru. Batire la 21.6V, 2.5Ah ndi 54Wh yokha, tchaja yake ngakhale ka inverter kakang'ono kamakwanitsa. Mumatchaja magetsi alipo, mumayeretsa nthawi imene mwafuna.

Fundi_wa_Luwinga:
Masamu anu ali bwino a Sola, koma 54Wh yomweyo ikuonetsa kuchepa kwa ntchito imene ingagwire. Mphindi 40 kapena 60 zimene amalemba pabokosi ndi za pa mphamvu yotsikitsitsa. Pa boost zambiri sizidutsa mphindi 10. Kabini kake ndi ka theka la lita kapena kuposerapo pang'ono. Ndipo batire la lithium limafooka pakapita zaka zochepa. Ngati ndi lomangidwira m'kati, kapena la mtundu umene kuno sulipezeka, makina onse asanduka chidole. Wofuna ya batire aone kuti batirelo limachoka ndi kabatani, ndipo afunse mtengo wa lina asanalipire.

Chabwino chake ndivomereza: zina zili ndi mutu wa soft roller, chogudubuza chofewa changati nsalu. Pa matailosi chimenecho chimatola zikuluzikulu ndi kupukuta kafumbi komatirira nthawi imodzi. Koma chimenechi chimapezeka pa zodula.

NyaChibavi:
Ndipo chilichonse chozungulira chimakulunga tsitsi. Pakhomo pamene pali oluka mesh, ulusi umene uja umazinga chogudubuza mpaka kulowa m'mbali mwa mabering'i, lamba n'kuduka kapena kamota kam'mutu n'kupsa. Muyenera kumadula ndi sizasi sabata iliyonse. Mutu wa ubweya wosazungulira ulibe vuto limenelo, tsitsi limangopita m'thumba.

Geisha_Tech:
Bwanji robot? Mumangoisiya iziyenda yokha.

Chimaliro_Heights:
Pa matailosi imayenda bwino, koma nyumba zathu zambiri pansi sipofanana. Pochoka pa matailosi kupita pa simenti pamakhala kasitepe, ndipo zambiri sizikwera poposa masentimita awiri. Kabini kake nthawi zambiri sikafika theka la lita. Masofa, matiresi ndi makatani sigwira. Ikakumana ndi matope aawisi pakhomo imawapaka nyumba yonse.

MJoni_Wabwera:
Ngati muli ndi m'bale ku Joni mutumeni, kumeneko mitundu ndi yambiri ndipo matumba ake amapezeka. Magetsi ndi ofanana, 230V.

Wa_Sola_Mzuzu:
Magetsi ndi ofanana koma pulagi ndi yosiyana. Za ku South Africa zimabwera ndi ya mano atatu obulungira aakulu kapena ya mano awiri, ife masoketi athu ndi a mano atatu amakona, ofanana ndi a ku UK. Musapanikize pulagi ya mano awiri mu soketi potsegula ndi kamtengo, ndipo ma adapter otchipa aja pa mota ya 1,000W amatentha n'kusungunuka chifukwa mano sagwira molimba. Chabwino ndi kudula n'kuika pulagi yathu ya fyuzi ya 13A. Waya wa brown upite kumene kuli fyuzi, wa blue ku N, wa green ndi yellow ku dzino lalitali lapamwamba. Ma vacuum ambiri ali ndi mawaya awiri okha, mudzaona chizindikiro cha kabokosi m'kati mwa kabokosi, pamenepo dzino lapamwamba limakhala lopanda waya ndipo palibe cholakwika. Mangani bwino kopanira chingwe, chifukwa chingwe cha vacuum chimakokedwa tsiku lililonse. Kungoti ngati ili ndi warranty, funsani kaye musanadule.

Extension nayo ikhale ya 13A. Ngati ndi yokulunga pa chiwiro, itambasuleni yonse, yokulungika imatentha.

MJoni_Wabwera:
Warranty ya ku Joni muli ku Mzuzu ndi dzina chabe, akulu. Mtengo wotumiza makinawo ukwana kugula ena.

Mmisiri_Chiputula:
Ndibwerere ku zipinda za simentizo, chifukwa palibe wazikhudza. Mayi, pitani pakona pamene polishi sanafike, mukhule ndi chala kapena kandalama. Pakatuluka ufa wotuwa, simentiyo ikudyeka yokha. Zimachitika ngati posakaniza anachulutsa madzi, kapena anasalaza madzi akadali pamwamba, kapena anawaza simenti youma kuti paume msanga, kapena sanathirire masiku asanu ndi awiri oyamba. Pansi potero mungapope m'mawa, madzulo fumbi labweranso, ndipo fumbi la simenti ndi limene limatseka mafyuluta msanga kuposa lina lililonse. Mankhwala ake si makina amphamvu, koma kutseka pamwambapo ndi sealer ya konkire kapena penti wa pansi. Koma penti sagwira pa polishi, muyenera kuchotsa polishi yense kaye.

Tsache_Silifa:
Mwaona? Tayamba ndi vacuum, tsopano tikumanganso nyumba.

MamaKatoto:
Ndakhula a Mmisiri, sipakutuluka ufa. Koma polishiyo sangawononge makina?

Mmisiri_Chiputula:
Ndiye simenti yanu ili bwino. Polishi amavuta akapakidwa wochindikala. Amakhala wonata, mchenga umakanirira m'menemo, ndipo ubweya wa mutu umatenga kufiirako n'kukakupaka pa matailosi oyera kapena pa kapeti. Pakani wochepa, muusiye aume, mukhule ndi burashi, mumalize ndi kansalu. Kupopa kuzichitika musanapake, osati mutangopaka, chifukwa timatayala timasiya mizere pa polishi wamuwisi. Poyeretsa nyumba yambani kwa matailosi, mumalizire kuzipinda zofiira, kenako pukutani ubweyawo ndi kansanza. Amene angathe agule mitu iwiri, wina wa kofiira wina wa koyera.

Matailosi_265:
Wina asaganize kuti akagula vacuum chikolopa chapuma. Pa matailosi pamakhala kafumbi komatirira ndi mafuta a kukhitchini ndi mapazi, kameneko n'ka madzi basi. Dongosolo lake: pukutani zam'mwamba kaye, mashelefu ndi mawindo, kenako popani pansi kuyambira m'mphepete mwa khoma ndi kapaipi kosongoka, mumalize ndi kukolopa. Mukakolopa musanachotse mchenga mumaukankhira m'mizere ya matailosi, ndiye mizere yoyera ija imasanduka yofiira. Poyendetsa mutu musathamange, kupita ndi kubwera pang'onopang'ono kumatola zambiri kusiyana ndi kupalasa kasanu mothamanga.

Ndipo ikani zopondera ziwiri, chokhakhala panja, chansalu m'kati. Mchenga wa pansi pa nsapato ndi sandipepa, makamaka kwa amene ali ndi pansi pa matabwa. Umene watsala pakhomo simuvutika nawo m'nyumba.

Masasa_Hustler:
Pa msika pamapezeka zakale zochokera kunja, zotchipa bwino. Mukuti bwanji pa zimenezo?

Fundi_wa_Luwinga:
Zina ndi zabwino kuposa zatsopano zotchipa, koma muyang'ane izi. Tembenuzani muwerenge kachikwangwani. Ikalembedwa 220-240V ili bwino. Ikalembedwa 120V ndi ya ku America, 100V ndi ya ku Japan, mukailowetsa pa magetsi athu imalira kamodzi n'kupsa. Transformer yokwana mota yotere ndi yolemera komanso yodula, phindu lonse latha. Za batire zokha ndi zimene nthawi zambiri tchaja yake imalembedwa 100-240V, koma yakale ya batire musagule, batirelo ndi limene linachititsa kuti mwini wake aitaye.

Iyatseni mphindi zisanu, osati kungoyatsa n'kuzimitsa. Fungo la kupsa, mawu okwera ndi kutsika, kapena moto wambiri wooneka m'timazenera ta mota, ndiye kuti makaboni atha kapena armature, mbali yozungulira ya m'kati mwa mota, yadyeka. Makaboni amasinthika motchipa, armature ayi. Kulira kwa tswii pozima ndi mabering'i. Tsegulani muone kuseri kwa fyuluta ya mota: pakakhala fumbi, inkagwira ntchito yopanda thumba. Paipi muitambasule muone ming'alu, makamaka pafupi ndi chogwirira, kenako ponyani kandalama mbali imodzi. Kakapanda kutulukira kwinako, m'kati muli chotsekeka. Chingwe chikokeni chonse muone ngati chili ndi mabala ndiponso ngati chikubwerera.

MamaKatoto:
Ndamva. Ndiye ndikuona ngati nditenge ya chingwe yokoka pansi ija, ya thumba, ya H13, ndi mutu wa parquet. Nanga kakapeti kaja?

Chimaliro_Heights:
Kapeti imodzi yaing'ono isakugulitseni makina ena. Mutu wa kabatani uja ukwanira, lowetsani ubweya. Ikamamatirira ku mutu, tsegulani kazenera kali pa chogwirira kuti kukoka kuchepe. Kamodzikamodzi muziitulutsa panja kukaikutumula dzuwa likawala.

Mpopi77:
Ine ndikanatengabe ya chigubu n'kuikamo thumba la fleece, koma poti pali wa mphumu sindilimbikira. Chimodzi chokha mayi: imene mwasankhayo isadzalawe madzi ngakhale pang'ono. Auzeni onse a m'nyumba, chifukwa tiyi akatayika mwana amathamangira makina.

Fundi_wa_Luwinga:
Ngati mutu wa parquet mugula padera, yezani kaye paipi yachitsulo. Zambiri ndi 32mm kapena 35mm, ndipo poyang'ana ndi maso zimaoneka zofanana. Henry ndi 32mm, Kärcher za WD ndi 35mm. Makampani ena ali ndi kolumikizira kawokawo kokhala ndi kabatani, kameneko mutu wa kampani ina sulowa popanda adapter. Chosavuta ndi kunyamula paipiyo popita kukagula. Yozinga ndi tepi imataya mpweya.

Zolozolo_Dad:
Funso lomaliza kwa ine. Nyengo yozizira mbaula imalowa pakhonde, phulusa limamwazika paliponse. Ndingapope?

Fundi_wa_Luwinga:
Ayi. Khala limatha kukhala ndi moto m'kati mwa phulusa kupitirira tsiku lathunthu. Likalowa m'thumba lodzaza tsitsi ndi ulusi, mphepo ya makina ikulikupizira, moto umayaka m'kati, nthawi zina mutaika kale makinawo mu sitolo. Ngakhale lozizira, phulusa ndi losalala kwambiri, limatseka thumba ndi fyuluta nthawi yomweyo. Pali makina akeake a phulusa, a chigubu chachitsulo ndi paipi yachitsulo. Zinanso zosapopa: palafini, petulo ndi thinner, ngakhale ndi ya chigubu, chifukwa makaboni a mota amathetheka. Ufa wambiri ukatayika, kapena fumbi la pulasitala mukamakonza nyumba, wolani kaye ndi fosholo, makina atole zotsalira zokha.

Tsache_Silifa:
Ndiye phulusalo achotse ndi chiyani, a Fundi? Nenani momveka onse amve.

Fundi_wa_Luwinga:
Ndi tsache, akulu. Awaze timadzi kaye kuti lisabuke, aolere mu chitini chachitsulo, osati mu ndowa ya pulasitiki.